Robert Koch: Dokotala wa Kumudzi Amene Anagwira Kachilombo ka TB

M'gawo lathu la mbiri ya anthu otchuka, mwezi uno tatuluka kunja kwa Malawi. Chaka chilichonse pa 24 March timamva pa wailesi kuti ndi tsiku lokumbukira chifuwa chachikulu, TB. Ena amalandira matisheti ndi zipewa, koma mutafunsa kuti bwanji anasankha 24 osati 10 kapena 30, ambiri tingangoyang'anizana. Tsikuli lili ndi mwini wake. Dzina lake ndi Robert Koch, dokotala wa ku Germany amene anamwalira mu 1910.

Aliyense wa kuno ku Chembe amene analavulirapo makhololo m'kabotolo kuti akayezedwe ku Monkey Bay, anayenda m'njira imene munthu ameneyu analambula. Ndipo nkhani imene akatswiri a zaumoyo akulimbana nayo masiku ano, yofuna kuyeza TB ndi kadontho ka magazi a pachala, nayonso mizu yake ili pa iye yemweyu, makamaka pa cholakwa chimene chinamuchititsa manyazi dziko lonse likuona.

Mwana wa kumigodi

Koch anabadwa pa 11 December 1843 m'tauni ya Clausthal, kumapiri a Harz, dera la migodi. Bambo ake, a Hermann Koch, ankagwira ntchito ya uinjiniya kumigodi komweko. M'banjamo munabadwa ana 13, ndipo Robert anali wachitatu. Akuti pofika zaka zisanu anali atadziphunzitsa yekha kuwerenga ndi manyuzipepala a pakhomo. Ali mnyamata ankakonda kutola miyala, zomera ndi tizilombo ta kutchire n'kumaziyang'anitsitsa ndi kagalasi kokulitsira zinthu.

Mu 1862 analowa yunivesite ya Göttingen. Mmodzi mwa aphunzitsi ake kumeneko anali Jacob Henle, amene mu 1840 analemba kuti matenda opatsirana ayenera kuti amayamba ndi tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso. Nthawi imeneyo mfundoyi inalibe umboni. Madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matenda amabwera ndi mpweya woipa wochokera m'madambo ndi m'zinthu zowola.

Koch anamaliza maphunziro a udokotala mu 1866. Chaka chotsatira anakwatira Emmy Fraatz, ndipo mu 1868 anabereka mwana wamkazi, Gertrud. Zaka zoyambazo sizinali za ulemerero. Ankangosamuka m'timatauni ting'onoting'ono kusakasaka odwala oti azimupatsa kangachepe. Nkhondo ya Germany ndi France itabuka mu 1870 anadzipereka kukathandiza m'zipatala za asilikali. Atabwerako, mu 1872, anapeza ntchito ya dokotala wa boma m'dera la Wollstein, lomwe lero lili m'dziko la Poland ndipo limatchedwa Wolsztyn. Kunali kumudzi ndithu: kubereketsa amayi, kubaya katemera wa nthomba, kuyenda pa ngolo usiku kukaona wodwala.

Taganizirani zaka zimenezi. Mu October 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathuyi, ndipo amishonale a Livingstonia, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anamanga misasa yawo kuno ku Cape Maclear. Malungo anawatha, manda awo tonse timawadziwa pamene ali, mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Anali anthu ophunzira, koma sankadziwa kuti mdani wawo ndi udzudzu. Umu ndi mmene dziko lonse linalili pamene Koch ankayamba kusuzumira m'maikulosikopu ku Wollstein.

Labotale ya kuseri kwa katani

Alimi a ku Wollstein ankaweta nkhosa ndi ng'ombe, ndipo ziwetozo zinkafa ndi matenda a anthrax, omwe aja anapha mvuu ku Liwonde mu 2018. Nkhosa yadya bwinobwino m'mawa, madzulo yagwa, magazi akuda bii. Akatswiri ena anali ataona kale timitengo ting'onoting'ono m'magazi a nyama zoterezi, koma panalibe amene anamaliza kutsimikiza kuti ndi timene timapha. China chinkazunguza mitu n'chakuti dambo limene munafera nkhosa linkatha kuphanso ziweto patapita zaka zambiri.

Koch analibe labotale. Anangotchinga ndi katani mbali ina ya chipinda chimene ankaoneramo odwala, n'kuikamo maikulosikopu ndi timabokosi ta mbewa. Ankasongola tizitsotso ta mtengo, kutiviika m'magazi a nyama yakufa, n'kubaya mbewa. Mawa lake mbewa yafa, ndipo m'thupi mwake mwadzaza timitengo tomwe tija. Mbewa imene waibaya ndi magazi a nyama yabwinobwino sinkadwala.

Kenako anayesa kulera tizilomboto kunja kwa thupi la nyama. Anatenga madzi a m'diso la ng'ombe, kudonthezera pa kagalasi, kuikamo tizilombo, n'kukhala pansi maola ambiri akuyang'ana. Anaona timitengo tija tikutalika ngati ulusi, ndipo zinthu zikavuta, m'kati mwake munkapangika timbewu tolimba. Timbewu timeneti ndi timene timagona m'nthaka zaka ndi zaka, ngati mbewu ya udzu yodikira mvula, mpaka chiweto chitadya msipu wa pamenepo. Funso la dambo lija linayankhidwa.

Mu 1876 ananyamula mbewa zake ndi magalasi ake kupita ku Breslau kukaonetsa pulofesa wotchuka wa za zomera, Ferdinand Cohn. Pulofesayo anagoma, ndipo anasindikiza ntchitoyo m'magazini yake. Apa Koch anali ndi zaka 32. Anaphunziranso kujambula zithunzi za tizilombo kudzera pa maikulosikopu, kuti wokayikira azidzionera yekha m'malo motsutsana pakamwa.

Mbatatesi ndi mbale

Mu 1880 boma linamuitanira ku Berlin, ku ofesi yaikulu ya zaumoyo, komwe anapatsidwa omuthandiza monga Friedrich Loeffler ndi Georg Gaffky. Vuto la nthawiyo linali ili: ukalera tizilombo m'msuzi, mitundu yonse imasakanikirana, sungadziwe kuti wolakwa ndi uti. Koch anaona kuti pa mbatatesi yophika yodula pakati pamamera timadontho tosiyana mitundu, ndipo kadontho kalikonse ndi banja la mtundu umodzi wokha. Ndiye kuti pa chinthu cholimba ungathe kupatula mtundu umene ukufuna.

Anayesa jelatini, koma ankasungunuka pa kutentha kwa thupi la munthu. Yankho linachokera kukhitchini. Mayi Fanny Hesse, mkazi wa mmodzi mwa ogwira ntchito ndi Koch, ankagwiritsa ntchito agar, wochokera ku ndere za m'nyanja ya mchere, polimbitsa zakudya zake nyengo yotentha. Mu 1887 wothandizira wina, Julius Petri, anapanga kambale kagalasi kokhala ndi chivundikiro. Amene munaphunzira Biology ku Fomu 3 ndi 4 mukukumbukira mbale ya Petri ndi agar. Zinachokera kumeneku.

24 March 1882

Masiku amenewo, pa anthu asanu ndi awiri alionse omwalira ku Ulaya, mmodzi ankafa ndi chifuwa chachikulu. Ambiri ankati ndi matenda a kumtundu, poti ankatha mabanja athunthu. Sizikusiyana kwenikweni ndi kwathu kuno, komwe munthu akamatsokomola n'kumaonda ena amathamangira kunena za tsempho kapena kuti amulodza. Dokotala wa ku France, Jean-Antoine Villemin, anaonetsa mu 1865 kuti matendawa angapatsiridwe kwa akalulu, koma kachilombo kake palibe anali atakaona.

Koch anayamba kukasaka mu 1881. Kachilombo ka TB n'kochenjera pawiri. Choyamba, khungu lake lili ngati phula, moti utoto umene ankapaka tizilombo tina kuti tioneke sunkalowa. Koch anasakaniza utoto wabuluu ndi mankhwala ena, kuviika kwa tsiku lathunthu, kenako n'kupaka utoto wofiirira pamwamba. Zonse zinasanduka zofiirira, kupatula timitengo towonda, topindika pang'ono, tomwe tinatsala tabuluu. Anatipeza m'mapapo a anthu omwalira ndi TB, m'makhololo a odwala, ndi m'nyama zodwala.

Chachiwiri, kachilomboka kamakula mwaulesi. Tizilombo tina timagawikana pakati m'mphindi 20 zokha, pomwe ka TB kamatenga maola 15 mpaka 20. Wina aliyense akanataya mbale zake pa tsiku lachitatu n'kunena kuti palibe chamera. Koch anakonza chakudya cha madzi a m'magazi a ng'ombe ndi nkhosa owumitsa ndi moto, anaika pamalo ofunda ngati thupi la munthu, n'kudikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yachiwiri ili mkati, timabala touma tinayamba kuoneka. Anatenga timeneto n'kubaya mbira, ndipo mbirazo zinadwala TB.

Madzulo a pa 24 March 1882 anaima pamaso pa madokotala a bungwe la Physiological Society ku Berlin, m'kachipinda kakang'ono, atayala mamaikulosikopu ndi magalasi ake patebulo kuti aliyense adzionere yekha. Atamaliza kulankhula anthu anangoti zii, kenako n'kuyamba kufola kukasuzumira. Patangotha masabata ochepa nkhaniyi inali itafika ku London ndi ku New York.

Njira yake yotsimikizira mlandu wa kachilombo imaphunzitsidwabe mpaka lero. Kachilomboko kapezeke mwa odwala matendawo. Ukachotse n'kukalera pakokha. Ukabaye nyama yathanzi, idwale matenda omwewo. Ukapezenso kachilombo komweko m'nyamayo. Zikatero wolakwa wagwidwa.

Mmodzi mwa amene anali m'chipindamo, Paul Ehrlich, anakonza utoto uja kuti uzigwira msanga, ndipo patapita zaka anapeza tizilomboto m'makhololo ake omwe. Franz Ziehl ndi Friedrich Neelsen anaukonzanso, ndipo njira ya Ziehl-Neelsen ndi imene malabotale a zipatala zathu akhala akugwiritsa ntchito zaka zonsezi poyeza makhololo.

Chaka chotsatira, 1883, boma linamutumiza ku Egypt kukafufuza kolera, ndipo kuchoka uko anapitirira ku Calcutta, India. Mu 1884 anapeza kachilombo kopindika ka kolera m'matumbo a odwala komanso m'dziwe limene anthu ankamwa, kusamba ndi kuchapamo. Ife a m'mbali mwa nyanja, amene tinaona zimene kolera anachita m'boma la Mangochi mu 2022 ndi 2023, phunziro limeneli sitikufunika kuuzidwa kawiri.

Mankhwala amene sanachize

Tsopano Koch anali munthu wamkulu, pulofesa ku yunivesite ya Berlin. Koma kupeza kachilombo si kuchiza. Anthu ankafabe. Ku France, Louis Pasteur, amene sankamwerana madzi ndi Koch, anali atatchuka ndi katemera wa chiwewe mu 1885, ndipo boma la Germany linkafuna kuti nalonso likhale ndi chake chonyadira.

Mu August 1890, pa msonkhano waukulu wa madokotala a dziko lonse ku Berlin, Koch analengeza kuti wapeza mankhwala oletsa kachilombo ka TB kukula m'thupi la mbira. Mu November anati ayamba kugwira ntchito pa anthu. Zimene zinali m'botolomo anabisa. Munthu yemwe uja ankaumirira kuti aliyense adzionere yekha, ulendo uno anafuna kuti anthu angomukhulupirira.

Odwala zikwizikwi anakhamukira ku Berlin, mahotela anasanduka zipatala. Ngakhale Arthur Conan Doyle, mlembi wa nkhani za Sherlock Holmes, amenenso anali dokotala, anapita kukaona, ndipo anabwerako akukayika. Sipanapite nthawi, odwala ena anayamba kuipiraipira, ena kumwalira. Mu January 1891 katswiri wofufuza mitembo, Rudolf Virchow, anaonetsa kuti mwa anthu amene anabayidwa mankhwalawo matenda sanathe, ndipo mwa ena anafalikira. Koch anakakamizika kuulula kuti mankhwalawo, amene anadzatchedwa tuberculin, anali madzi otcheza kuchokera ku tizilombo ta TB tomwe. Ananyamuka kupita ku Egypt mpaka fumbi litachepa. Zinadziwikanso kuti ankayembekeza kupeza chuma chambiri pa mankhwalawa.

Pakhomo napo zinthu zinasokonekera. Mu 1893 ukwati wake ndi Emmy unatha, ndipo anakwatira Hedwig Freiberg, mtsikana wamng'ono kwa iye ndi zaka pafupifupi 30. Anthu a ku Berlin anamunena kwambiri.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chinachitika m'nkhani ya tuberculin choti tichigwire bwino. Koch anadzibaya yekha mankhwalawo poyesa. Patapita maola ochepa thupi linatentha kwambiri, anayamba kunjenjemera, kuphwanya m'thupi ndi kusanza. Anaonanso kuti anthu ndi nyama zimene zinakumanapo ndi kachilombo ka TB zinkatupa kapena kutentha thupi zikabayidwa, pomwe zimene sizinakumanepo nako sizinkamva kanthu kwenikweni. Ndiye kuti thupi limakumbukira mdani wake, ndipo ukalifunsa bwino limayankha. Madokotala a ziweto anayamba msanga kuyeza nawo ng'ombe. Mu 1907 Clemens von Pirquet wa ku Vienna anayamba kuyeza ana pokanda pakhungu, ndipo mu 1908 Charles Mantoux wa ku France anabweretsa njira yobaya kadontho m'khungu la pamkono n'kudikira masiku awiri kapena atatu kuti aone ngati patupa. Mankhwala amene analephera kuchiza anasanduka choyezera chimene chikugwirabe ntchito lero.

Koch mu Africa

Zaka zotsala za moyo wake Koch anazithera kwambiri pa maulendo, ndipo ambiri anali a kuno ku Africa. Mu 1896 anaitanidwa ku Kimberley, South Africa, chifukwa cha mliri wa rinderpest umene unapulula ng'ombe kuyambira ku Ethiopia mpaka kumwera kwenikweni. Anapeza kuti ndulu ya ng'ombe yodwala ingateteze ng'ombe yathanzi kwa kanthawi. Anakhalapo ku Dar es Salaam akufufuza malungo, ndipo mu 1903 ndi 1904 anali ku Bulawayo pa matenda ena a ng'ombe ofalitsidwa ndi nkhupakupa.

Mu 1901, pa msonkhano wa TB ku London, analakwitsanso ponena kuti TB ya ng'ombe si yoopsa kwenikweni kwa anthu. Ena anamutsutsa, ndipo anali olondola: mkaka wosawiritsa wa ng'ombe yodwala umapatsira ana matendawa. Ngakhale zinali choncho, mu 1905 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito yake pa TB.

Ulendo wa 1906 ndi 1907 ndi umene ife Aafirika sitiyenera kuudumpha. Koch anamanga msasa pa zilumba za Ssese, pa nyanja ya Victoria, komwe matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, ankapha anthu ambirimbiri, ambiri mwa iwo asodzi ngati makolo athu. Ankawabaya mankhwala otchedwa atoxyl, okhala ndi poizoni wa arsenic, ndipo ankaonjezera mlingo kuti aone zimene zichitike. Tizilombo tinkachepa m'magazi kwa kanthawi, koma ena mwa odwalawo anachita khungu mpaka kalekale. Anthuwo sanafotokozeredwe mokwanira kuti akuyeserapo mankhwala, ndipo ambiri ankathawa chifukwa cha ululu. Koch analangizanso boma la atsamunda kuti odwala azisonkhanitsidwa m'misasa yapadera. Zimene sakanaloledwa kuchita pa anthu a kwawo anazichita pa anthu akuda. Lero kafukufuku aliyense wa zaumoyo m'Malawi amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, ndipo munthu amasaina atamvetsa, ali ndi ufulu wokana. Malamulo amenewa anabwera chifukwa cha mbiri zowawa ngati imeneyi.

Mu 1908 anayendera America ndi Japan, komwe wophunzira wake Shibasaburo Kitasato anamulandira ngati mfumu. Mu April 1910 mtima unayamba kumuvuta, ndipo anamwalira pa 27 May 1910 ku Baden-Baden ali ndi zaka 66. Phulusa la thupi lake linaikidwa m'nyumba ya bungwe limene ankatsogolera ku Berlin kuyambira 1891, lomwe lero limatchedwa Robert Koch Institute. Anamwalira mankhwala a TB asanapezeke. Katemera wa BCG, uja anatisiyira chipsera paphewa, anayamba mu 1921. Mankhwala oyamba enieni, streptomycin, anapezeka mu 1943, ndipo isoniazid anabwera mu 1952.

Njira ziwiri zimene anasiya

Tikaunika moyo wa Koch, anasiya njira ziwiri zopezera TB. Yoyamba ndi ya 1882: saka kachilombo keniko. Yachiwiri ndi ya 1890: funsa thupi ngati lakumana nako.

Njira yoyamba yapita patali. Mu 2010 bungwe la WHO linavomereza makina a GeneXpert, amene amasaka DNA ya kachilombo m'makhololo n'kupereka yankho m'maola awiri, n'kunenanso ngati kachilomboko kakukana mankhwala a rifampicin. Makinawa ali m'zipatala zambiri za m'maboma athu. Koma njirayi ili ndi malire. Maikulosikopu amafuna tizilombo zikwi zingapo mu mililita imodzi ya makhololo kuti tioneke. Mwana wamng'ono satha kulavula makhololo, amameza. Munthu amene HIV yafooketsa kwambiri chitetezo chake nthawi zambiri makhololo ake amakhala ndi tizilombo tochepa. Ndipo TB ina sikhala m'mapapo n'komwe: imagwira msana, mwanabele wa m'khosi, ngakhale ubongo. Anthu oterewa amatha kuyenda maulendo angapo kuchipatala, ndalama ya kabaza ikutha, yankho osapezeka.

Njira yachiwiri nayo ili ndi vuto lake. Kuyeza kwa pakhungu kumangonena kuti munthu anakumanapo ndi kachilombo, sikusiyanitsa wodwala ndi amene kachilombo kangogona m'thupi mwake. Ndipo akuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi anakumanapo nako, ambiri osadwala.

Apa ndi pamene pakulowa nkhani ya majini. Tisasokoneze, aise, majini awa si aja amagwetsa anthu pansi ayi. Awa ndi malangizo olembedwa mu DNA m'kati mwa maselo athu, ndipo munthu ali nawo pafupifupi 20,000. Sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Ena amayaka, ena amazima, malinga ndi zimene thupi likukumana nazo. Jini ikayaka imatulutsa uthenga wotchedwa RNA, ndipo makina amatha kuwerenga kuchuluka kwa uthengawo m'magazi.

Taganizirani usiku wopanda mwezi mutaima pagombe. Usipa simukuuona, koma mukaona pamene nyali za asiginala zaunjikana, mukudziwa kumene kuli nsomba. Asilikali a m'thupi akamalimbana ndi TB amayatsa gulu lina la majini, ndipo akatswiri akuphunzira kuwerenga nyali zimenezo m'malo mosaka kachilombo kobisala m'mapapo.

Chosangalatsa n'chakuti Amalawi ali m'kati mwa nkhaniyi. Mu 2013 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anayeza magazi a akuluakulu a ku Karonga ndi ku Cape Town, ena ali ndi HIV ena alibe. Anapeza kuti mauthenga 27 a RNA amasiyanitsa wodwala TB ndi amene kachilombo kangogona, ndipo mauthenga 44 amasiyanitsa TB ndi matenda ena ofanana nayo. Mu 2014 kunatulukanso za ana a ku Blantyre, South Africa ndi Kenya, komwe anapeza mauthenga 51. Mu 2016, atatsatira achinyamata oposa 6,000 a zaka 12 mpaka 18 ku South Africa, anapeza majini 16 amene amayamba kuyaka miyezi ingapo munthu asanayambe kudwala. Chaka chomwecho akatswiri a ku Stanford, America, anachepetsa mpaka majini atatu okha, GBP5, DUSP3 ndi KLF2, ndipo kampani yopanga GeneXpert inakonza kabokosi koyesera majini atatu ndi magazi a pachala.

Koma tisathamange ngati Koch wa 1890. Majini ambiri mwa amenewa amayakanso munthu akagwidwa ndi mavairasi monga a chimfine, ndiye choyezera chikhoza kuloza TB pomwe palibe. Akatswiri akuona kuti mwina ntchito yake yoyamba ingakhale yosankha amene akufunika kuyezedwa mozama, osati kupereka chigamulo chomaliza. N'chifukwa chake njirayi sinafike poti n'kumagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu. Ikuyesedwabe, poyera, zotsatira zake zikusindikizidwa kuti ena azitsutse. Tuberculin anatuluka mobisa ndi mothamanga, ndipo anthu anafa nazo. Kuchedwa kwa lero kuli ndi chifukwa.

Nanga ife kuno?

Malinga ndi WHO, mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB pa dziko lonse, ndipo 1.25 miliyoni anamwalira, zaka 141 chipezekereni kachilomboka. Kuno kwathu agogo athu ena anabwera nacho chifuwachi kuchokera ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Lero chimayenda mosavuta kumene anthu amagona mothithikana, monga m'zisakasa za alovi nyengo ya usipa, m'mavidiyo sho otseka mawindo onse, ndi m'nyumba zosalowa mphepo. Chimayenda mumpweya wodwala akatsokomola, osati m'mbale ya nsima kapena pogwirana chanza.

Poti choyezera cha magazi chija sichinafike, tigwiritse ntchito zimene zilipo. Chifuwa chikatha masabata awiri, kapena ukamatuluka thukuta usiku, kutentha thupi madzulo, kuonda osadziwa chifukwa, usalimbane ndi mapanado ndi mabakitirimu a pagolosale. Pita kuchipatala ukapereke makhololo. Amene ali ndi HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo. M'zipatala za boma kuyeza n'kwaulere, mankhwalanso ndi aulere, ndipo TB wamba imachira m'miyezi isanu ndi umodzi ukamamwa osadumphitsa. Kusiyira panjira poti wayamba kupeza bwino, kapena poti mabwana akuitana ku ulendo wa ku Makanjira, ndi kumene kumabala TB yokana mankhwala. M'nyumba mukapezeka wodwala, ana aang'ono apite nawo akaonedwe, poti iwo ndi aja satha kulavula makhololo.

Chinanso, tisiye kuseka anzathu. Kudwala TB sikutanthauza kuti munthu ali ndi HIV, ndipo ngakhale atakhala nayo, zonse ziwiri zili ndi mankhwala. Mnzathu akamaopa kupita yekha ku Monkey Bay, timuperekeze.

Amene mukulemba MSCE chaka chino ndipo mumakonda Biology ndi Chemistry, kumbukirani kuti magazi a ku Karonga ndi ku Blantyre aja anatengedwa ndi kusungidwa ndi anamwino ndi akatswiri a m'labotale a konkuno. Ntchito imeneyi ikufunabe anthu, ndipo maphunziro a za labotale alipo ku Malawi College of Health Sciences ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Mwezi wamawa m'gawo lino tibwerera kwathu, tidzakamba za munthu wa m'mbali mwa nyanja yathu ino. Gawirani anzanu nkhaniyi, makamaka amene ali kunyanja ndipo sapezeka pa misonkhano ya kalabu.